"Under pressure" ndi "under duress" si chimodzi

Mayi ena a ku Ndirande andilembera. Mwana wawo wamkazi akufunsira ntchito ya ukalaliki ku Limbe, ndipo m'kalata yake walemba kuti "I work well under duress." Iye akuti mawuwa akumveka a munthu wophunzira. Mayiwa akufunsa ngati ali bwino.

Mayi, muuzeni awafufute kalatayo isanapite.

Mawu amene mwanayu akufuna ndi "under pressure". Amanena za munthu amene ntchito yamupanikiza: zochita zamuchulukira koma nthawi yachepa. Abwana akufuna lipoti isanakwane 4 koloko, foni ikulira, pakhomo pali mzere wa anthu, wina akugogoda tebulo ndi cholembera. Ndi zimenezi olemba ntchito amatanthauza akalemba "ability to work under pressure" m'zotsatsa ntchito za mu The Nation kapena The Daily Times.

"Under duress" ndi mawu omveka kwambiri kukhoti. Amanena za kuchita chinthu mokakamizidwa ndi moopsezedwa, ngati munthu amene wasaina pepala chifukwa wina wamulozetsa mpeni. Ndiye kalata ya mwana wanu, mmene ilili panopa, ikuuza abwana kuti iye amalimbikira bwino akamaopsezedwa. Owerengawo adzangoseka n'kuiika pambali.

Palinso china chimene ndimamva kawirikawiri kwa ana a Folomu 4 mayeso a MSCE akayandikira: "I have pressure." Ichi n'Chichewa chathu cha "ndili ndi pulesha" chovekedwa jekete. Wina akhoza kuganiza kuti mukunena za BP n'kukufunsani ngati mwamwa mankhwala. Nenani kuti "I am under pressure". Zikanyanya, "under a lot of pressure" kapena "under intense pressure", osati "a pressure". Potchula amene akukupanikizani muike "from": "under pressure from my parents". Potchula chochitacho muike "to": "under pressure to pass".

Koma Mayi, ngakhale akonze, chiganizochi pachokha sichimupezetsa ntchito, poti aliyense amalemba chomwecho. Akadzamuitana ku intavyu adzamufunsa kuti apereke chitsanzo. Akonzeretu nkhani imodzi yeniyeni, kaya ndi tsiku limene anatsala yekha pa shopu kumapeto a mwezi, kapena sabata imene ankalemba mayeso kwinaku akudwazika mng'ono wake. Afotokoze chimene anayamba kuchita, chimene anasiya kuti chidikire, ndi mmene zinathera.