Kamerayo sinafe, achemwali, tayambani mwayesa izi

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri, ndaonanso mayankho ali m'munsimu, ena akuti "kaifulasheni" (kuikamo mwatsopano pulogalamu yoyendetsa foni), ena akuti "ingogulani ina". Musapupulume. Mwati mumagulitsa zovala za kaunjika pa status, ndipo kwa milungu iwiri tsopano kamera yakumbuyo ya foni yanu ikutulutsa zithunzi zachimbuuzi ngati mwajambula m'chifunga, pomwe yakutsogolo ili bwinobwino. Mwatinso zithunzi zina mukazitsegula theka limakhala lotuwa, ndipo wokonza mafoni wakuuzani kuti kamera yafa, iikidwe ina. Ine ndinakhalapo pa benchi yokonza mafoni ku Limbe zaka zingapo, ndiye mundipirire, nditalikitsako. Mmene ndikuonera, muli ndi mavuto awiri osiyana, ndipo pa awiriwo palibe limene likundiuza kuti kamera yafa.

Kamera ikafa sijambula chifunga ayi. Imada bii, kapena imatulutsa mizere yobiriwira ndi yofiirira, kapena mukaitsegula imangodzitseka yokha. Chifunga kawirikawiri chimakhala pa kagalasi kakunja kaja, kamene chala chanu chimakhudza tsiku lonse osadziwa. Yesani usiku uno: lozetsani kamera pa babu kapena pa kandulo. Mukaona kuwalako kwamera michira, kwafalikira uku ndi uku, dziwani kuti ndi mafuta. Girisilini wa m'manja, mafuta odzola, a mandasi, thukuta, zonsezi zimamata pamenepo. Uzirani kaye kuti fumbi lichoke, kenako pukutani mozungulira ndi kansalu kopukutira magalasi a maso, kapena kansalu kathonje kofewa kochapa. Nsonga ya chitenje chimene mwakhala nacho pa msika tsiku lonse ayi, muli mchenga, ndipo mchenga umakanda galasi pang'onopang'ono mpaka limachita mbuu kosatha. Zija mumaona m'mavidiyo zoti mupakepo mankhwala otsukira mano, zisiyeni. Amapala galasi.

Ndikuuzeni ya bambo ena amene anabwera pa benchi pathu atakwiya kwabasi, akuti anawagulitsa foni yabodza, miyezi inayi yonse zithunzi za ana awo zikutuluka ngati za m'maloto. Nditaitembenuza n'kuunika ndi tochi, ndinaona kam'mphepete konyezimira pa galasi. Ndinalowetsa chikhadabo, n'kusenda kapulasitiki kopyapyala kamene foni imabwera nako kuchokera ku fakitale, katachita chikasu, kokandikakandika. Atajambula dzanja lawo, mizere yonse ya m'chikhatho inaoneka. Anaseka mpaka kukhala pansi, nane sindinawalipiritse. Ndiye inunso chotsani kava, chotsani timagalasi toteteza kamera tija amamata kumsika ngati mulinato, mujambule foni ili yokha. Makava ena bowo lake limaphonya pang'ono, ndipo flash ikayaka kuwala kumagunda m'mphepete mwa kava n'kubwerera m'kamera, chithunzi chonse n'kuyera mbee.

Mukapukuta koma chifunga osachoka, tengani tochi ya foni ina muunike kagalasiko chapambali. Mukufuna muone ngati pali mng'alu, fumbi la m'kati, kapena timadontho ngati nthunzi ya pa chivundikiro cha poto. Timadonthoto ndi chinyezi, ndipo sikuti foni imachita kugwera m'madzi kuti chilowe. Mundikhululukire azimayi a m'gulu lino, koma kusunga foni pachifuwa nyengo yotentha ino kwatibweretsera ntchito yambiri pa benchi. Thukuta limalowa, ndipo poti lili ndi mchere limadya tizitsulo ta m'kati. Kuilowetsa ku bafa mukusamba madzi otentha n'chimodzimodzi. Ikakhala ndi chinyezi izimitseni, tulutsani kathileyi ka SIM, muisiye pamalo popita mphepo, pamthunzi, tsiku limodzi kapena awiri, osaitchaja. Padzuwa kapena pafupi ndi mbaula ayi, batire silifuna moto. Za mpunga zija sindizikhulupirira: mpunga sukoka madzi amene ali m'kati mwa foni, ndipo timadeya take timatseka potchajira. Bola timapaketi tija mumapeza m'zikwama ndi m'mabokosi a nsapato zatsopano, mutiike ndi foniyo m'kontena yotseka bwino.

Apa ndi pamene anthu amabedwa ndalama, ndiye mumvetsetse. Kagalasi kakunja ndi kamera yeniyeni ndi zinthu ziwiri. Kagalasiko kamangomatidwa pa chivundikiro chakumbuyo, ndipo kakasweka kapena kukandika kamasinthidwa pakokha, pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi kamera. Wina akati "kamera yafa" musamutsutse, ingomupemphani mwaulemu kuti atsegule kumbuyoko ajambule chithunzi chimodzi chivundikiro chili chochotsa, inu mukuona. Chikatuluka chooneka bwino, nkhani yatha, vuto ndi galasi.

Pali njira imodzi imene kamera ingakhaledi yolakwa pa nkhani ya chimbuuzi, ndiyo ikaleka kufokasa. M'kati muja muli kagalasi kamene kamayenda kutsogolo ndi kumbuyo mokankhidwa ndi maginito, kufunafuna pamene chithunzi chikuonekera bwino. Foni ikagwa, kamatha kukakamira malo amodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta. Yalani nyuzipepala pakhonde masana, imikani foni kutalika ngati rula ya 30 cm, dinani pa sikirini pamene pali zilembo. Muona chithunzi chikuchita ngati chapuma, kusokonekera pang'ono kenako n'kukhazikika. Mukatero lozetsani pa mtengo uli patali, mudinenso. Zonse ziwiri zikaoneka bwino, kamera yanu ndi yamoyo. Koma ikamaonetsa zapafupi zokha kapena zakutali zokha, kaya ikamanjenjemera n'kumalira ngati udzudzu, pamenepo wokonza uja sanakunamizeni. Musaiyandikizenso kwambiri poyesa, mafoni ambiri safokasa chinthu chikayandikira kuposa masentimita 10 kapena chapompo, ndiye mukamajambula lebulo ya diresi sunthani m'mbuyo pang'ono.

Achimwene a kabaza amene muli muno, iyi ndi yanu: mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini ya njinga yamoto kumawononga zofokasira za kamera foni ikamangiriridwa pa handulo nthawi yaitali. Ananena za iPhone, koma tizigawo toyendayenda tomweto tili m'mafoni ena ambiri. Ndipo amene mumajambula pa ukwati, musalole timagetsi ta laser ta ovinitsa tija tilase kamera mwachindunji, timawotcha m'kati n'kusiya kadontho kapena mzere umene suchokanso.

Tsopano zithunzi za theka lotuwa zija. Ndikhoza kubetcha kuti muli ndi memory card m'foni, ndipo kamera ikusungira mmenemo. Chithunzi chimajambulika bwino, koma pochilemba pa khadi chimafika theka. Zimachitika khadi ikatopa, komanso ikakhala yabodza. Makhadi abodza alipo ambiri: palembedwa 64GB, foni nayo ikuonetsa 64GB, koma m'kati mwake malo enieni ndi ochepa. Masiku oyamba imagwira bwino, malo enieniwo akadzaza zonse zobwera pambuyo zimayamba kuwonongeka, mwini wake osadziwa. Lowani mu kamera, pitani ku Settings zake, pezani polembedwa Storage, musinthe kuti izisungira mu foni. Jambulani zithunzi khumi. Zikatuluka zathunthu, mwamupeza wakubayo. Koperani zimene zatsala pa khadiyo mu kompyuta lero lomwe, musanaifomate, chifukwa khadi ikayamba kutero sichedwa kuferatu. Zithunzi zimene zinatuwa kale nthawi zambiri sizibwerera, pepani.

Muonenso malo otsala mu foni. Ife ochita bizinesi pa WhatsApp tili m'magulu makumi awiri, lililonse likutumiza mavidiyo, ndiye foni imadzaza mpaka kamera imachedwa kutseguka kapena kukana kusunga. Mu WhatsApp momwemo, ku Settings, Storage and data, Manage storage, muona magulu amene akudya malo.

Za mapulogalamu ndidutsa mwachangu, chifukwa sindikukhulupirira kuti vuto lanu lili kumeneko. Zimitsani foni n'kuyatsanso. Pitani ku Settings, Apps, Camera, Storage, mudine Clear cache, ikakanika Clear data. Izi sizifufuta zithunzi, zimangobwezera kamera mmene inabwerera, n'kuchotsa Beauty ndi mafyuluta amene mwina mwana anayatsa posewera. Koma muonetsetse kuti mwalowadi pa Camera. Mukadina Clear data pa WhatsApp mulira, macheza onse ndi makasitomala akhoza kupita. Kwa ena amene kamera ikungoda bii: kuyambira pa Android 12 pali kabatani ka Camera access pa zija mumatsitsa kuchokera pamwamba, kakazima kamera yonse imada. Onaninso ngati foni yatentha kwambiri kapena batire latsala pang'ono, chifukwa mafoni ambiri amakaniza flash zikatero. Kufulasha ndi kufomata zikhale zomalizira, ndipo sizichotsa mafuta pa galasi kapena kukonza khadi yowola. Mukafikadi pamenepo, yambani mwakumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Google imene ili m'foniyo, apo ayi foni idzakutsekerani panja inu eni ake.

Chinanso, poti ndaona zithunzi zimene mwaika pa funso lanu. Ziwiri mwa izo munajambula m'nyumba usiku, diresi lili pa bedi, babu limodzi kudenga. Ngakhale kamera itakhala yatsopano, pamenepo sipangatuluke chabwino. Kuwala kukachepa kamera imachedwa kutsinzina, dzanja likangogwedezeka pang'ono chithunzi chasokonekera, ndipo mtundu wa nsalu umasintha, lofiira limaoneka ngati lakhofi, kasitomala n'kudzakukanirani pomulandiritsa. Tulutsani katundu pakhonde m'mawa kapena chakumadzulo, pamthunzi, kuwala kuchokere kumbuyo kwanu. Osakoka chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, pa mafoni athuwa kuteroko n'kungodula chithunzi n'kuchitambasula. Yandikirani ndi miyendo. Mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini pansi pa babu, si matenda, ndi kuphethira kwa magetsi. Athu kuno ndi a 50Hz, ndiye ngati kamera yanu ili ndi posankha 50Hz kapena 60Hz, ikani pa 50.

Ndipo muzijambula ndi kamera ya foni, osati ya m'kati mwa WhatsApp. WhatsApp imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo yambiri, status ndiye imafinyiratu. Nthawi zina munthu amanyoza kamera pomwe mu Gallery chithunzicho chili chakuthwa bwinobwino. Yerekezani ziwirizo. Kasitomala akafuna kuonetsetsa nsalu, mutumizireni ku inbox mutadina kabatani ka HD kamene anaika mu 2023, kapena mutumize ngati Document, chimafika mmene chilili.

Zikakanika zonsezi ndiye pitani nayo. Ngati ikadali pa waranti musalole aliyense aitsegule, bwererani kumene munagula ndi risiti, chifukwa ikangotsegulidwa kwina waranti yatha. Ngati inatha, tulutsani SIM ndi memory card musanaipereke, foni imeneyo ndi banki yanu, muli Airtel Money kapena Mpamba. Sapemphedwa PIN ya ndalama pokonza kamera. Ngati n'kotheka khalani pompo, kusintha kamera si ntchito ya tsiku lonse. Muuzeni akupatseni yakaleyo m'manja, ndipo muyese yatsopanoyo ndi nyuzipepala ija, pafupi ndi patali, musanalipire. Muyang'anenso pa khoma loyera, ngati pali kadontho kakuda kamene sikasuntha ndiye watsekeramo fumbi, atsegule apukute.

Pukutani galasilo, sinthani kosungira, ndiye mujambule zithunzi ziwiri, cha nyuzipepala masana ndi cha babu usiku, muziike pansi pa ndemanga yangayi. Mundiuzenso ngati foniyo inagwapo kapena kunyowa milungu iwiri yapitayo. Ndidzaonamo mawa madzulo, magetsi akakhalapo.