Sitiraika osagoletsa timu imamusungiranji?

Achimwene ena amene anasamukira ku Canada chaka chatha andilembera imelo. Akuti anzawo akuntchito anawakokera ku hockey yosewera pa ayezi, panopa akuonera ndithu, koma pali chimodzi chikuwazunguza mutu: mu timu yomwe akusapota muli mnyamata wosewera kutsogolo amene sizoni yonse zigoli zake mutha kuwerenga ndi zala, koma kochi samuchotsa ndipo masapota amamukonda. "Kodi ameneyu si kungodya ndalama za timu?"

Achimwene, ine ndinkaganizanso choncho poyamba, chifukwa ife tinakulira mpira wamiyendo komwe sitiraika akapanga magemu asanu osagoletsa timayamba kumukuwiza. Koma tayambani mwaona mmene hockey imayendera. Pa ayezi timu imakhala ndi anthu 6, golokipa, madifenda awiri ndi akutsogolo atatu, ndipo akutsogolowa samakhalitsa, masekondi 40 kapena 50 atopa atuluka, alowa ena atatu gemu ili mkati. Ndiye kochi amakhala akuyang'ana benchi ya anzake, akangoona kuti katswiri wawo walumpha kulowa, iyenso amatulutsa anthu ake omwe ntchito yawo ndi kumukakamira ameneyo ngati nkhupakupa. Mnyamata wanuyo mwina ndi m'modzi mwa amenewa. Gemu ikubwerayi musamatsate puck, kampira kakuda kaphwatalala kaja, mungomuyang'ana iyeyo basi. Muona kuti timu yake ikataya puck amakhala woyamba kutembenuka kuthamangira kumbuyo, ndodo yake ili pansi pa ayezi kutseka njira ya pasi, kapena akuinyamula ndodo ya mnzake mwakachetechete nthawi yomwe amati amenye. Pa TV sabwereza zimenezi.

Kenako pali nkhani ya chilango. Wina akalakwa amakakhala panja mphindi 2, timu imatsala anayi kulimbana ndi asanu osawerengera magolokipa, ndipo apa kochi satumiza ogoletsa aja, amatumiza anthu osaopa kugona kutsogolo kwa puck yomwe yamenyedwa ndi mphamvu zonse. Chinthu chija ndi labala yolimba youma ndi kuzizira, chikakupeza pa kakolo umadziwanso. Komanso refu akamaponya puck pakati pa anthu awiri pafupi ndi golo lanu, kwatsala masekondi 20 mukutsogola ndi chigoli chimodzi, amene amapita kukalimbirana ndi yemweyo.

NHL, ligi yaikulu ya hockey ku Canada ndi America, inachita kukhazikitsa mphoto ya akutsogolo odziwa kuteteza amenewa, Frank J. Selke Trophy, kuyambira 1978. Woyamba kuitenga anali Bob Gainey wa Montreal Canadiens, ndipo anaitenga zaka zinayi zotsatizana, munthu amene sanagoletsepo zigoli zoposa 23 pa sizoni. Patrice Bergeron wa Boston Bruins ndiye anaitenga kambiri, kasanu ndi kamodzi, asanapume mu 2023.

Koma nkhani imene ine imandikhutiritsa ndi ya fainolo ya Stanley Cup, chikho chachikulu cha NHL, ya 1993. Montreal inakumana ndi Los Angeles Kings ya katswiri Wayne Gretzky, gemu yoyamba Kings inawina 4-1 ndipo zigoli zinayi zonsezo Gretzky anali momo, chimodzi chake, zitatu anapatsira anzake. Kaputeni wa Montreal Guy Carbonneau, amene anali atatenga kale Selke katatu, anapita kwa kochi Jacques Demers kukapempha kuti Gretzky amusiyire iyeyo. Montreal inawina magemu anayi otsatirawo nkutenga chikho. Sindikunena kuti anachita yekha ayi, Patrick Roy pagolo anali pa fomu yoopsa chaka chimenecho, koma mu ma playoff, magemu achipulula olimbirana chikho, mumakumana ndi timu imodzimodzi mpaka kasanu ndi kawiri, ndiye ngati mulibe munthu woti amuziziritse katswiri wawo, akuvutitsani usiku uliwonse mpaka mutuluke.

Za posachedwa, fainolo ya 2024, Florida Panthers ndi Edmonton Oilers. Connor McDavid, katswiri wa Edmonton, anawotcha gemu yachinayi ndi yachisanu, mapointi anayi anayi (kuphatikiza zigoli zake ndi mapasi ogoletsera), koma gemu yachisanu ndi chiwiri sanapeze kanthu, Florida inawina 2-1. Amene ankakumana naye kwambiri pa ayezi anali Aleksander Barkov, kaputeni wa Florida wochokera ku Finland, yemwe chaka chomwecho anatenga Selke.

Pamenepa ndili ndi kadandaulo kanga pang'ono. Masiku ano atolankhani omwe amavotera Selke amakonda kupatsa anthu omwe amagoletsanso kwambiri, Barkov, Kopitar, Datsyuk nthawi yake, onsewa ndi mastaa kale ndipo ndalama amalandira zambiri. Anthu enieni a mtundu wa mnyamata wanuyo, a mu layini (gulu la akutsogolo atatu) yachitatu kapena yachinayi, mayina awo samveka nkomwe. Chonsecho kuyambira 2005 ligi inaika malire pa ndalama zomwe timu ingalipire osewera onse pamodzi, ndiye simungadzaze timu ndi ogoletsa okhaokha olo mwini wake akhale wolemera bwanji, mumafunika anthu otchipirako omwe akalowa mumadziwa kuti golo lanu lili bwino pomwe mastaa akupuma.

Ndiye anzanu akuntchitowo akadzakutengeraninso, muwerenge kuti timu ikakhala pa chilango amalowa kangati, komanso mphindi yomaliza mukutsogola kochi akutulutsa ndani. Mukapeza kuti nthawi zimenezo ali pa benchi, komanso sakugoletsa, pamenepo mundilemberenso, tidzamukuwize limodzi.