Kwa amalume: Corolla yowira ndi injini ya boti, adzukulu asanabwere

Amalume, mwaswera bwanji konko ku Senga Bay? Uthenga wanu ndaumva, ndipo ndiyankha pagulu pompano kuti amene akubwera ndi ana mu Ogasitimu amvere limodzi. Mwati Corolla ikumawira mukamakwera zitunda pochoka ku Salima kupita ku Lilongwe. Mwatinso injini ya boti, Yamaha 15 ija, ikuvuta kulira, ndipo ikalira sikukodza, kutanthauza kuti sikutulutsa madzi oziziritsa injini pakabowo kake. Komanso wina wakuuzani kuti galimotoyo aitsegule injini. Ayi amalume, musavomere kaye. Ndalama ya penshoni isathere posintha gasiketi ya m'kati mwa injini tisanayang'ane tinthu totchipa.

Zinthu ziwirizi chikuzidwalitsa n'chimodzi, kungokhala. Chipumireni pantchito galimoto ikumatuluka mwa apo ndi apo, boti nalo lili pamchenga. Labala amauma, m'rediyeta mumachita dzimbiri, petulo amaonongeka.

Tiyambe ndi galimoto. Galimoto yowira pamzere m'tauni koma n'kumazizira ikamathamanga, vuto limakhala fani. Yanuyi ikuwira pachitunda, injini ikamakoka, ndiye kuti madzi sakuzungulira mokwanira kapena rediyeta yatsekeka. Ndipo ngati ikuchita zimenezi nyengo yozizira ino, mu Okutobala idzakusiyani panjira.

Mawa m'mawa, injini isanalire, tsegulani chitsekerero cha rediyeta. Ikatentha musachikhudze n'komwe, madzi ake amakhala atapitirira madigiri 100, akhoza kukusupulani nkhope. Yang'anani kalabala ka pansi pa chitsekererocho. Ngati kang'aluka kapena kauma gwa, chitsekererocho sichikugwira mpweya, ndiye madzi amawira msanga. Pamwamba pake pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, mugule cha nambala yomweyo. Kanthu kotchipa kameneka kamatsegulitsa mainjini ambiri popanda chifukwa.

Kenako dzazani madzi, lizani injini chitsekerero chili chochotsa, muziyang'ana pakamwa pa rediyeta. Thovu likamabwera osalekeza kuyambira injini ili yozizira, chimenecho n'chizindikiro cha gasiketi. Tsegulaninso pothirira oyilo, mutembenuze chitsekerero chake, musololenso dipusitiki. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa. Chachitatu ndi utsi woyera kumbuyo umene sukutha ngakhale injini itatentha. Ngati zonse zitatuzi palibe, injini asaitsegule.

Ndiye rediyeta. Kunyanjako nkhungu ndi tizilombo tina timamatirira kumaso kwake, mphepo osadutsa. Tsukani ndi paipi, madzi azichokera mbali ya injini kutulukira kutsogolo, koma osati mwamphamvu, timapepala take timapindika. M'kati namo, ngati mwakhala mukuthira madzi a pamjigo, mchere wake umaundana m'timapaipi. Yendani pang'ono, zimitsani, chotsani kiyi, dikirani fani aime, ndiye mupapase rediyeta mosamala. Pena pakatentha pena pakazizira, yatsekeka, ikatsukidwe kwa odziwa marediyeta.

Themositati, kachitseko kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, ayiyese inu mukuona. Aiike m'poto wa madzi pambaula. Iyenera kuyamba kutseguka cha pa madigiri 82, madzi asanawire. Ikapanda kutseguka mugule ina. Amakanika ena amangoichotsa n'kuitaya, ati kuno n'kotentha. Musalole. Popanda iyo injini imachedwa kutentha, imadya mafuta, ndipo matenda enieni amakhala angobisika. Aonenso pampu ya madzi ngati ikudontha pansi pake kapena kugwedera. Pomaliza muthire kulanti, mankhwala oziziritsa injini. Corolla imalowa pafupifupi malita 6, ndiye theka kulanti, theka madzi a batire kapena a mvula osefa. Ngati pabotolo alemba kuti ndi wosakaniza kale, musaonjezere madzi.

Singano yoonetsa kutentha kwa injini ikakwera muli panjira, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka pamapeto, imani pambali, dikirani mphindi 30. Osathira madzi ozizira m'injini yotentha, hedi imapindika. Ndipo pazitundazo muzikwera ndi giya yachitatu, osaikakamiza pa 5.

Batire mwachidule: yodzaza imawerenga mavoti 12.6, injini ikamalira izikhala pakati pa 13.8 ndi 14.4. Kuiliza pakhomo mphindi zisanu sikuthandiza, muziiyendetsa mphindi 30 sabata iliyonse, ngakhale kungofika pa boma n'kubwerera. Matayala nawo musakhulupirire mano okha. M'mbali mwake muli manambala anayi, mwachitsanzo 2318, kutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lopitirira zaka 6, makamaka lokhala padzuwa, lisanyamule adzukulu pamsewu wa M14.

Tsopano boti, ndipo apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa galimoto ikafa mumaima pambali pa msewu, koma panyanja palibe poima.

Kuvuta kulirako ndi petulo wakale. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Akakhala miyezi m'thanki, pansi pamakhala madzi, m'kabureta mumatsala zomata zimene zimatseka majeti, timabowo todutsa mafuta. Khuthulani yense. Pansi pa kabureta pali kasikuluu kotulutsira, masulani atuluke. Tsukani kafyuluta. Kapampu kofinya ka papaipi kaja kazilimba mukakafinya kangapo, kakamangokhala kofewa ndiye kuti mpweya ukulowa penapake. Musaiwale kumasula kabowo ka mpweya pa chitsekerero cha thanki, ambiri amavutika ndi chingwe pomwe vuto ndi lomwelo. Ikakanabe, kabureta atsegule, majeti awapemerere ndi mpweya, asawatokose ndi waya chifukwa bowo limakula. Mapulagi mugule awiri atsopano a nambala yomwe ili pa akalewo, ena awiri muzisunga m'boti.

Kasakanizidwe ka petulo ndi oyilo ndi 50 kwa 1. Chigubu cha malita 20 muthire oyilo mamililita 400, malita 25 ndi theka la lita. Oyilo wake ndi wa injini za pamadzi, wolembedwa TC-W3, osati wa galimoto. Muzisakaniza wokwanira ulendo umenewo basi. Mukabwerako, chotsani paipi ya mafuta injini ikulira, boti likadali m'madzi, mpaka izime yokha. Kabureta amatsala wouma.

Koma kusakodza kuja, injini imeneyo musailizenso mpaka itakonzedwa. Yambani ndi chapafupi: tokosani kabowo kokodzerako ndi chingwe cha mbedza chokhuthala, nthawi zina ndi mchenga kapena dothi la mavu. Onaninso timabowo tolowera madzi kumwendo kwake, pamwamba pa pulopela. Zikakhala bwino, ndiye kuti impela yatha. Ndi kalabala ka mapiko kamene kamapopa madzi oziziritsa injini. Kakakhala nthawi yaitali mapikowo amauma chopindika, ndipo injini ikalizidwa pamtunda opanda madzi, ngakhale kwa masekondi ochepa, kamapsa.

Posintha, amalekanitsa ndodo ya giya, kumasula mabawuti a mwendo wa pansi, n'kuutsitsa. Pashafuti pali kanyumba ka pampu, achotse. Pali kakiyi kakang'ono kogwira impela kushafuti, kameneko kakagwera mumchenga ntchito yaima, choncho ayale nsalu pansi. Ngati mapiko ena aduka, zidutswa zake azifunefune, zimakatseka njira ya madzi m'mwamba. Poika yatsopano apake sopo pang'ono, azitembenuza shafuti mmene imayendera wotchi kwinaku akukanikiza kanyumbako, kuti mapiko agone mbali yoyenera. Pobwezera mwendo, paipi ya madzi ilowe pamalo pake. Poyesa, muike m'mgolo, madzi apitirire bwino pamene pali pampupo.

Mwendo uli pomwepo, sinthani giya oyilo, SAE 90, pafupifupi mamililita 250. Amathira kuchokera kubowo la pansi mpaka atulukire la pamwamba, mutseke la pamwamba kaye, kenako la pansi, ndi mawashala atsopano. Wakaleyo akatuluka woyererako, madzi akulowa. Chotsani pulopela muone kumbuyo kwake, nthawi zambiri mumapeza ulusi wa ukonde utazengezeka, ndi umene umadula silo, kalabala kotchinga madzi.

Za ulendo wa ana, Ogasiti ndi nyengo ya mwera, inu mukuudziwa kuposa ine. Nyamukani m'mamawa nyanja ili bata, mukazungulire chilumba cha Namalenje, dzuwa lisanafike pamutu mukhale mwabwerako. Mukaona mafunde akuyera nsonga, ulendo ulephereke, ana alire pamtunda. Ku zilumba za Maleri n'kutali kwa injini yongokonzedwa kumene, musapiteko ndi ana. Ndipo tsiku loyamba kuiyesa lisakhale tsiku la alendo, muyende nayo kawiri m'mbali mwa gombe asanafike.

Inu a ku Lilongwe, mvetserani apa. Mwana aliyense akhale ndi jekete yoyandamitsa ya msinkhu wake, yomanga bwino. Ya munthu wamkulu imavuka mwana akagwera m'madzi. Ngati amalume alibe zokwanira, gulani mubwere nazo, ndipo wopanda jekete asakwere. Musadzazane, kuli bwino maulendo awiri. Amalume, kachingwe kofiira kozimitsira injini kazikhala padzanja panu nthawi zonse. M'botimo mukhale nkhafi ziwiri, nangula ndi chingwe chake, chokapira madzi, sipanala ya mapulagi, ndi foni m'pulasitiki. Mafuta muwagawe patatu: opitira, obwerera, otsala.

Posambira, ana asapite m'mabango kapena pamadzi odikha, m'mene mumakhala nkhono za likodzo, komanso cha ku Mpatsanjoka kuli mvuu. Akabwerera kwawo, pakapita miyezi iwiri kapena itatu, mukawayezetse kuchipatala.

Ndiye amalume, munditumizire zithunzi zitatu lero: chitsekerero cha rediyeta mbali zonse, manambala a patayala, ndi kachitsulo ka manambala kamene kali pomangirira injini kubotiko. Ndikaona nambalayo ndigula impela yoyenera ndi gasiketi yake, ndipatsira a minibasi ya ku Salima Lachisanu.