ANA yatuluka positive, ndiye kuti ndili ndi lupus?

Mayi wina wanditumizira imelo kuti ANA yake (kuyeza magazi kofufuza asilikali a m'thupi amene amaukira thupi lomwelo) yatuluka positive pa 1:80, ndipo chifufuzireni pa Google tulo sakutiona. Achemwali, mwandikumbutsa zaka zomwe sindikonda kuzikamba.

Ine ndili ndi lupus, matenda omwe chitetezo cha m'thupi chimaukira thupi lomwelo. Zinayamba ndi zala kuuma m'mawa, tsitsi kuthothoka, thupi kumangotentha. Ndinamwa LA katatu konse pomwe malungo sankapezeka. ESR, yoyezera kutupa kwa m'thupi, itakwera akuti mwina ndi TB. Kenako VDRL, yoyezera chindoko, inatuluka positive. Bambo a kunyumba anatha sabata yathunthu osandilankhula, apongozi amvekere pali munthu wandichita chipongwe kumudzi. Panapita miyezi dokotala wina asanandiuze kuti lupus imatha kunamiza VDRL. Atayezanso ndi TPHA, yotsimikizira chindoko, chindoko panalibe. Pepala limodzi, longondipatsira m'manja popanda mawu, linatsala pang'ono kundithetsera banja. Ndiye ine ndimanena poyera: kumupatsa wodwala zotsatira osamufotokozera ndi nkhanza, ngakhale mzere utalike bwanji.

Chomwe chimandiseketsa n'chakuti mankhwala omwe ndimamwa tsiku lililonse, hydroxychloroquine, ndi m'bale wake wa chloroquine uja Malawi anasiya kuchizira malungo mu 1993. Kuwawa kwake n'komwe kuja. Ndipo musandiuze za adyo ndi moringa, ndinayesa zonsezo, zala zinkatupabe.

Za nambala yanuyo

1:80 ikutanthauza kuti magazi anu anawasungunula ka 80, asilikali a m'thupi amene amaukira thupi lomwelo n'kumaonekabe. Nambala yachiwiriyo ikamakula, nkhani imakulanso. Yanu ndi yotsika. Ngakhale pa 1:160, anthu pafupifupi 5 pa 100 alionse omwe ali bwinobwino amatuluka positive. Pafupifupi aliyense wodwala lupus ali ndi ANA, koma ambiri omwe ali ndi ANA alibe lupus. ESR nayo imakwera ndi pakati, kuchepa magazi, TB, moti payokha siuza munthu matenda.

Pemphani akuyezeni anti-dsDNA, C3 ndi C4 (zoyeza magazi zothandiza kudziwa ngati ndi lupus), full blood count (kuwerenga maselo a m'magazi), komanso mkodzo aone ngati muli puloteni, poti lupus imawononga impso mwakachetechete, munthu osamva kupweteka. Lembani m'kope zomwe mukumva ndi masiku ake, ndipo zidzolo zikatuluka kumaso muzijambule pa foni zisanazimirire, chifukwa tsiku lokaonana ndi dokotala zimakonda kubisala.