Funsani Abusa: Tikatumikirenji ku Mozambique pomwe kwathu kuno mavuto ali mbwee?

FUNSO

Abusa, ndine mayi wa Chigwirizano kuno ku Lizulu. Mpingo wathu wasankha anthu 12, ine ndili momwemo, kuti tikathandize abale a mpingo wina kufupi ndi Mocuba ku Mozambique. Tchalitchi chawo chinasasuka denga nthawi ya namondwe wa Freddy ndipo mpaka lero akupempherera pansi pa mtengo. Ndalama za ulendo ndazipeza pogulitsa mbatatesi. Koma bambo a kunyumba akuti uku nkutaya ndalama, popeza amasiye ndi okalamba osowa ali pakhomo pathu pomwe. Chinanso chikundisowetsa tulo: Chipwitikizi sindichidziwa, Chilomwe ayi. Nanga ndikapemphera nawo bwanji anthuwo? Ndithandizeni.

Mayi wa Chigwirizano, Lizulu

YANKHO

Amayi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambe ndi mawu a bambo, chifukwa sanalankhule zopanda pake. Alipodi maulendo ena amene amatha ndalama zambiri pa mafuta ndi malo ogona kuposa zimene akasiya kumene akupitako. Ulendo wotero ngofunika kuukana. Ndiye musanakangane m'nyumba, afunseni akulu a mpingo funso limodzi ili: kodi abale a ku Mocuba ndiwo anatiitana, kapena tinangodziganizira tokha kuti tipite? Ngati pali kalata yochokera kwa abusa awo, yonena ntchito imene akufuna ndi nthawi imene angatilandire, pitani ndi mtima umodzi. Ngati kulibe, dikirani kaye, lemberanani. Ngakhale Paulo anawolokera ku Makedoniya ataitanidwa, werengani Machitidwe 16.

Za umphawi wa kwathu, bambo awerengereni 2 Akorinto 8. Mipingo ya ku Makedoniya komweko inali yosauka zedi, koma inachita kumuumiriza Paulo kuti alandire chopereka chawo chopita kwa abale a ku Yerusalemu. Sanadikire kuti alemere. Ndipo ife Amalawi sitinayambe lero kuwoloka malire ndi Uthenga. David Kaunda anachoka ku mishoni ya Livingstonia kupita ku Chinsali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mwana wake Kenneth ndi uja anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Wansembe wa Anglican, Leonard Kamungu, anachoka m'dera la Nkhotakota nakatumikira ku Msoro mpaka anamwalirira komweko mu 1913. Ifenso tinalandira otere. William Koyi anachoka ku Lovedale ku South Africa mu 1876, nakhala pakati pa Angoni a kumpoto kufikira imfa yake ku Njuyu mu 1886. Kwawo kumene anachoka anthu amenewa amasiye analiko.

Inu a ku Lizulu mungodzuma pang'ono mwaponda kale Mozambique, ndiye mukudziwa kuti anthuwo si achilendo. Mishoni ya Mphatso ku Angonia inatsegulidwa mu 1909, Apwitikizi anaitseka mu 1922, koma Akhristu a kumeneko sanagwe mphwayi, ankawoloka malire kudzabatizitsa ana ndi kudya mgonero kuno. Pa nthawi ya nkhondo yawo, imene inatha mu 1992, dziko lathu linasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ambiri ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu ndi Dedza. Mukapeza akuluakulu ena amene anaphunzira sukulu ali m'misasa ya kuno, ndipo Chichewa amachimva bwinobwino.

Tsopano za pemphero, ndipo apa ndikhalitsapo. Mu 2019, namondwe wa Idai atagwetsa Beira usiku wa pa 14 Malichi, anthu oposa 600 anafa ku Mozambique kokha. Madzi ataphwa, ndinapita nawo m'gulu la mpingo kudera la Nhamatanda, m'mbali mwa msewu waukulu wochoka ku Chimoio kupita ku Beira. Tinali ndi akalipentala, namwino mmodzi, amayi ndi achinyamata. Tchalitchi chimene anatilandiriramo chinali ndi mzere wa matope pakhoma, kudutsa pamwamba pa mawindo. Mabenchi anali atatengedwa ndi madzi, mabuku a nyimbo ataphatikana nkuuma gwa ngati njerwa, ndipo malata ena anali atakulungika pamtengo wa mango patali ndi pamene panali denga.

Achinyamata athu anapita atakonzeka kulalikira khomo ndi khomo. Koma mkulu wa mpingo wa kumeneko, bambo wa imvi amene anakhalapo ku Nsanje nthawi ya nkhondo, anatipempha kuti m'mawa tizikhoma malata, madzulo tizimutsatira iye kumene akupita. Anatitengera kwa mayi wina amene anakhala pamtengo madzi atazungulira, mwana wamng'ono ali kumsana, ana ake awiri okulirapo atatengedwa iye akuona. Anatiyalira lona la buluu, lomwe linalinso denga lake usiku. Mkulu uja sanatsegule Baibulo. Anakhala pansi, nafenso tinakhala. Patapita nthawi ndithu, mayi uja anayamba kutchula maina a ana ake, kenaka kufotokoza m'Chisena mmene wina ankakondera kuweta mbuzi. Mmodzi mwa amayi athu, amene sankamva ndi liwu limodzi lomwe, anasendera pafupi namugwira dzanja. Pomaliza mkulu uja anatiuza kuti aliyense apemphere m'chinenero chake, motsitsa mawu, ndipo atchule maina awiriwo. Linali pemphero lalifupi kwambiri. M'mawa mwake mayi uja anabwera kutchalitchi atasenza ndowa ya madzi a akalipentala, ndipo anabwera tsiku lililonse mpaka denga linatha.

Ndanena izi kuti mantha anu a chinenero achepe. Mukudziwa kale mmene timakhalira pamaliro: simufika ndi ulaliki, mumafika nkukhala pamphasa ndi anamfedwa. Abwenzi a Yobu anachita bwino masiku 7 aja amene anakhala naye chete, mavuto anadza atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira. Choncho musakayese dala kuuza munthu kuti namondwe anabwera chifukwa cha machimo a dera lawo. Mawu otere ndinawamvapo kuno kwathu Freddy atawononga ku Chilobwe ndi ku Phalombe mu 2023, ndipo amabaya mtima koposa. Pempherani m'Chichewa chanu chomwechi. Funsani dzina la munthuyo ndi la amene anatisiya, mulitchule. Ngati pali womasulira, lankhulani ziganizo zifupizifupi kuti asasochere. Nyimbo zithandizanso, chifukwa zambiri za m'buku lathu amaziimba ndi mayimbidwe omwewo m'zinenero zawo, ndipo mukaiyamba adzaitola okha.

Musapemphererenso munthu musanamupemphe. Dera la Mocuba lili ndi Akatolika ambiri, Asilamu, ndi ena osapemphera. Mayi wachisilamu akabwera kudzalandira ufa, alandire monga wina aliyense, osati kuti ayambe wakweza dzanja kuti walandira Yesu. Thandizo lokhala ndi chingwe kumbuyo limasiyira abale athu a kumeneko udani ndi anansi awo, ife titabwerera ku Lizulu. Paja mlendo ndi mame. Otsala ndi nkhosazo ndi abusa a komweko, ndiye ulaliki wa Lamulungu, ubatizo ndi kusankha oyenera kulandira katundu zonsezo zisiyireni m'manja mwawo.

Ku ntchito ya manja, ndikupemphani chinthu chimodzi chimene magulu ambiri amaiwala. Misomali, matabwa ndi malata mukagule konko, ndipo mulembe akalipentala a konko kuti agwire limodzi ndi anu. Akufuna ganyu, komanso denga likadzayamba kudontha adzadziwa pokonza. Zovala zakale zodzaza galimoto zimavuta pachipata ndipo nthawi zambiri sizo zimene anapempha.

Chakudya idyani chimene akupatsani, monga Ambuye anauzira ophunzira ake pa Luka 10. Mukapeza nsima, mpunga, nsomba zouma ndi chigwada chotendera ndi kokonati. Nkhuku akakupherani musakane, ngakhale mukuona kuti ndi yomaliza pakhomopo, koma gulu lanu lisiye ndalama ya chakudya m'manja mwa amayi a mpingowo tsiku loyamba lomwelo kuti musawasiye ndi ngongole. Madzi okha ndiye musachite nawo manyazi: thiranimo mankhwala a klorini kapena wiritsani. Idai atadutsa, kolera inabuka ku Beira mpaka anthu oposa 800,000 analandira katemera mwachangu. Neti ya udzudzu muitenge. Podzera ku Muloza kulowa Milange mufunika pasipoti yosatha masiku, kalata yokuitanani ikhale pafupi, ndipo woyendetsa galimoto akonzekere kugula inshulansi ya ku Mozambique pachipata pomwepo.

Bambo musawasiye kunja kwa nkhaniyi. Asonyezeni kalata ya ku Mocuba ndi ndondomeko ya ndalama, muwapemphe kuti adzaime nanu kutsogolo tsiku limene mpingo udzakusanjikeni manja. Ndipo gwirizanani lero lomwe za wokalamba mmodzi wa m'mudzi mwanu amene banja lanu lizimupatsa ufa mwezi ndi mwezi, kuti nkhawa yawo ija iyankhidwe ndi ntchito.

FUNSO

Abusa, ndangobwera kumene ku ulendo wa achinyamata ku Chipata ku Zambia. Tinapempherera mtsikana wodwala usiku wonse, koma anamwalira titangochoka. Anzanga aika zithunzi zake pa Facebook ndi mawu oti ulendo unali wa chipambano. Ine mtima ukundipweteka ndipo kupemphera kukundikanika. Kodi chikhulupiriro changa ndicho chinachepa?

Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Mwana wanga, pepa kwambiri. Mtsikanayo sanafe chifukwa cha iwe. Davide anasala kudya ndi kugona pansi kupempherera mwana wake, mwanayo anamwalirabe. Paulo anapempha katatu kuti munga umuchoke, sunachoke. Palibe amene anganene kuti awiriwa analibe chikhulupiriro. Kupweteka kwa mtima kumene ukumvako nkwabwino, kukusonyeza kuti mtsikanayo unamuona ngati munthu.

Zithunzizo zichotsedwe lero. Pita kwa mtsogoleri wa gulu lanu, umuuze mwaulemu kuti makolo ali pachisoni sayenera kupeza nkhope ya mwana wawo wodwala ikuzungulira m'mafoni a anthu osawadziwa. Akakana, kawauze abusa a pampingo panu, ndipo unene kuti ndine ndakutuma. Kenaka sonkhani kangachepe, mutumize chipepeso kudzera kwa abusa amene anakulandirani ku Chipata, pamodzi ndi kalata yolembedwa pamanja. M'kalatamo musafotokoze chifukwa chimene Mulungu anamutengera, chifukwa simuchidziwa. Ingonenani kuti mwamva, mukulira nawo, ndipo dzina lake mukulikumbukira.

Ulendo wina mukapeza wodwala kwambiri, pempherani muli m'njira yopita naye kuchipatala, ndipo ndalama ya mafuta ya zoterezi izikhala padera musananyamuke. Pakadali pano, ngati mawu ako akukanika, tsegula Salimo 13 kapena 88 uziwerenga mokweza madzulo aliwonse. Undilemberenso mwezi wamawa undiuze mmene ukupezera.