Kodi ma subfactor onse amachokera ku fizikisi?

Wowerenga wina wandilembera imelo kufunsa kuti, poti akatswiri anamaliza kale kundandalika ma subfactor a index yaing'ono, chatsala n'chiyani? Zikomo pofunsa. Zatsala zambiri, koma ndikambapo chimodzi chomwe chimandikoka mtima: funso loti kodi ma subfactor onse amachokera ku fizikisi.

M'masamu, factor ndi mtundu wa algebra (gulu la zinthu zomwe zimaphatikizidwa ndi kuchulukitsidwa) yosagawika m'zigawo zing'onozing'ono. Subfactor ndi factor yokhala mkati mwa inzake, ndipo index imayeza kuti yaikuluyo yaposa yaing'onoyo motani. Mu 1983 Vaughan Jones anasonyeza kuti index ikachepera 4 singakhale nambala iliyonse ayi, iyenera kukhala 4cos²(π/n), pomwe n ndi 3, 4, 5 ndi kupitirira apo. Katswiri wina, Adrian Ocneanu, anapeza kuti m'chigawo chimenechi ma subfactor amatsata zithunzi za Dynkin, zomwe ndi timadontho tolumikizidwa ndi mizere, zotchulidwa ndi chilembo ndi nambala: A zonse, D zokhala ndi nambala yogawika pawiri, E6 ndi E8. E7 palibe.

Zodabwitsa zimayamba tikadutsa 4. Uffe Haagerup atafufuza kumeneku anakumana ndi subfactor ya index (5+√13)/2, pafupifupi 4.30, yomwe tsopano imatchedwa ya Haagerup, ndipo mu 1999 iye ndi Marta Asaeda anatsimikiza kuti ilipodi, pamodzi ndi ina ya (5+√17)/2. Yachitatu, extended Haagerup, anaimanga Bigelow, Morrison, Peters ndi Snyder. Kalembera wa ma subfactor onse anafika pa index 5, kenako Afzaly, Morrison ndi Penneys anamukankhira pa 5.25.

Nayi tsono nkhani yomwe sinathe. Ma subfactor onse a index yochepera 4 amapezeka kudzera mu conformal field theory, mtundu wa theory ya fizikisi yomwe malamulo ake sasintha zinthu zikakulitsidwa kapena kuchepetsedwa. Ndiye akatswiri amaganiza kuti subfactor iliyonse ya finite depth (yomwe chithunzi chake chili ndi malire) ili ndi theory yake yotere, yomwe ma representation ake (njira zomwe theory imagwirira ntchito pa zinthu zina) amafanana ndi quantum double ya subfactor imeneyo (chinthu cha masamu chomangidwa kuchokera ku subfactor). Palibe watsimikiza, palibenso watsutsa. Mayeso enieni ali pa ya Haagerup, chifukwa sinabadwe kuchokera ku group kapena quantum group yodziwika, zinthu za masamu zofotokoza symmetry (masinthidwe osiya chinthu monga chinalili). Anaitulukira posefa zithunzi zomwe zingatheke, basi.

Mu 2011 David Evans ndi Terry Gannon anapereka zifukwa zoganizira kuti theory yake ilipo, yokhala ndi central charge (nambala yofunika yozindikiritsa theory yotere) yogawika ndi 8. Jones mwiniwake anayesa kuimanga mwachindunji, koma njirayo inakamufikitsa ku ma group ena otchedwa a Thompson, theory osaipeza, mpaka anamwalira mu 2020. Mu 2022 magulu awiri a akatswiri a fizikisi anafalitsa zowerengera pa kompyuta zosonyeza theory ya central charge pafupifupi 2 yokhala ndi symmetry ya Haagerup. Chenjerani apa: limeneli ndi funso lapachibale, osati lomwelo la quantum double lija, komanso manambala a kompyuta si umboni wa masamu.

Ine ndimakhulupirira kuti theory ya subfactor ya Haagerup idzapezeka, pakuti katswiri wina, Masaki Izumi, anaika kale subfactor imeneyi m'banja limodzi ndi ma subfactor ena omangidwa pa ma group ang'onoang'ono. Imene ndimaikayikira ndi extended Haagerup, yomwe mpaka pano ilibe banja lodziwika.