Msewu wa m'mbali mwa nyanja si umene uli ndi bata

Achemwali ena amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku Portsmouth andilembera kalata. Akuti agula njinga yakapalasa ndipo pa tchuthi akufuna kuwolokera ku France, koma akufunsa njira za kumidzi pafupi ndi nyanja kumene kulibe magalimoto ambiri, chifukwa galimoto ikawadutsa pafupi manja amanjenjemera mpaka amatsika n'kuyamba kukankha njinga. Mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi usiku uno.

Achemwali, manthawo ndikuwadziwa. Ine ndinakulira m'mbali mwa msewu wa M1 chakufupi ndi Ntcheu, ndipo njinga ya bambo anga ndi imene inkapita kuchigayo, kumsika ndi kuchipatala komwe. Amene anapalasapo pamsewu umenewo akudziwa mmene phula limathera m'mphepete, lodyekadyeka, ndipo kutsika kwake n'kogwera pa miyala. Lamulo lake linali limodzi basi: thiraki ikaliza hutala kumbuyo, iwe choka. Sunkayang'ana n'komwe, unkangogwetsera tayala pa miyalapo, thumba la chimanga likugwedezeka pa kaliyala, mphepo ya thirakiyo n'kukukankha paphewa. Mnzanga wina amene ankagulitsa makala sanachoke msanga tsiku lina. Anakhala moyo, koma mwendo wake sunawongokenso, ndipo ine kuyambira pamenepo njinga ndinaisiya kwa zaka zambiri. Nditabwera kuno ku Ulaya anthu ankandiuza kuti misewu ndi ina, oyendetsa ndi ena, koma thupi silimva zimenezo. Phokoso la injini likamveka kumbuyo, msana umauma wokha.

Chimene chinandibweza pa chishalo chinachitika m'kamsewu kena ka ku Bretagne, chigawo cha kumpoto chakumadzulo kwa France, kopanda ngakhale mzere woyera pakati. Ndinali pa chitunda, ndikupuma movutikira, ndipo ndinamva galimoto kumbuyo. Sinalize hutala. Inangochepetsa liwiro n'kumanditsatira chapatali, injini ikung'ung'udza pang'onopang'ono, mpaka tinafika pamwamba pamene woyendetsayo ankatha kuona kutsogolo. Apo ndiye anapatukira mbali ina yonse ya msewu n'kundidutsa. Anali agogo aakazi, kagalu kali pampando wakumbuyo, ndipo anangokweza zala ziwiri pa chiwongolero. Ndinaima pa udzu kwa kanthawi ndithu misozi ili m'maso. Ndinali ndisanaonepo munthu wa galimoto akudikira munthu wa njinga.

Tsono ndimakwiya ndikamva anthu akuuza munthu wamantha kuti mungozolowera. Kuzolowera chiyani? Chitsulo cholemera matani chikudutsa pafupi ndi chigongono chako, ndiye ukhale ndi mtima m'malo? Manthawo ndi nzeru, ndipo amene alibe mantha ndi amene sanaonepo munthu atagona pa phula. Ndimakwiyanso ndi abale athu ena amene amaseka akamva kuti munthu wapita kunja koma akupalasabe njinga, amati mwapita kukachita kabaza ku Ulaya. Anyamata a kabaza amadyetsa mabanja ndi miyendo yawo, ndipo amayenera msewu wabwino kuposa amene akusekawo.

Ku France lamulo limati galimoto podutsa wapanjinga isiye mpata wa mita imodzi m'tauni, ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni. Ambiri kumidzi amalitsatira. Koma lamulo silikutchingani ku chilichonse, ndipo m'misewu ya pakati pa matauni magalimoto amaloledwa kuthamanga makilomita 80 pa ola, m'madera ena 90. Chimene chimakutetezani ndi kusankha msewu, ndipo apa ndinena mosabisa: msewu umene wagundizana ndi nyanja ndi umene muyenera kuupewa. Aliyense amaufuna. Mu Julaye ndi Ogasiti dziko lonse la France limatsikira kugombe, ndipo kamsewu kolumikiza magombe awiri kamadzaza ngati depoti ya minibasi kumapeto kwa mwezi, magalimoto ogonamo aja aakuluakulu akuyendetsedwa ndi anthu amene maso awo ali pa madzi. Lowani mkati makilomita atatu kapena asanu, mupeza dziko lina: minda, ng'ombe, mipanda ya zitsamba, thalakitala imodzi pa ola. Nyanja mumaifikira pongotsika kamsewu kamodzi mukaifuna, mumadya nkhomaliro pa doko, kenako mumabwereranso kumtunda. Amene angakuuzeni kuti njira yabwino ndi yoona madzi tsiku lonse sanapalaseko m'nyengo ya tchuthi.

Ndiponso musadalire foni yokha. Mapu a pepala a Michelin amajambula misewu ikuluikulu mofiira, yapakati mwachikasu, ndipo timisewu tating'ono ndi toyera. Toyerato ndi tanu. Pa zikwangwani, msewu woyamba ndi chilembo C ndi wa mudzi, nthawi zambiri wopapatiza ndi wa zii. Woyamba ndi D ukhoza kukhala wabata kapena woopsa, muyenera kuuona mtundu wake pa mapu. Kulinso mawu awiri oti muwadziwe: voie verte ndi njira yoletsedwa magalimoto kotheratu, kawirikawiri njanji yakale kapena m'mphepete mwa ngalande, pomwe véloroute ndi njira ya zikwangwani imene imasakaniza zoterozo ndi timisewu ta magalimoto ochepa.

Njanji zakalezo ndimazikonda kwambiri. Ku Bretagne, kuchokera ku Morlaix kupita ku Carhaix, kuli ina yodutsa m'nkhalango, yokwera pang'onopang'ono chifukwa sitima sinkatha kukwera zitunda zoimirira, ndipo timasiteshoni takale tikadalipo m'njira. Ndi gawo la njira yotchedwa La Vélodyssée, imene imayambira ku Roscoff mpaka ku Hendaye kumalire ndi Spain, makilomita opitirira 1,200, ndipo ikadutsa Carhaix imatsata ngalande ya Nantes à Brest. Roscoff yemweyo ali ndi mbiri imene imandikhudza. Kuyambira cha m'ma 1828 alimi a kumeneko ankawoloka nyanja kukagulitsa anyezi wawo wofiirira ku Britain khomo ndi khomo, ndipo m'zaka zotsatira ankamangirira mikoko ya anyeziyo pa mahandulo a njinga. Angelezi ankawatcha a Johnny, ndipo m'tauniyo muli kanyumba kosungira mbiri yawo. Nditaona zithunzi zawo, njinga zitalemedwa mpaka munthu osaoneka bwino, ndinaganiza za mnzanga wa makala uja. Anthu amenewa ankasiya mabanja miyezi yambiri kukafuna ndalama kutsidya la nyanja, ndipo inu achemwali mukudziwa kulemera kwake kwa zimenezo.

Pali malo otchuka amene anthu adzakutchulirani, ndipo ndili ndi maganizo anga pa onsewo. Chilumba cha Ré pafupi ndi La Rochelle chili ndi njira za njinga zopitirira makilomita 100, zosalala, zodutsa m'madambo opangira mchere, ndipo mlatho wake wa 1988 uli ndi mbali ya njinga. N'chokongola mu Meyi. Mu Ogasiti mudzathawa magalimoto n'kugwera m'chipwirikiti cha njinga za ana ndi alendo osadziwa mabuleki. Nkhalango ya paini ya ku Landes kumwera ili ndi njira zazitali zopanda galimoto, koma ndi zowongoka mpaka kutopetsa, ndipo nyanja imabisika kuseri kwa milu ya mchenga. Kuli Passage du Gois wopita ku chilumba cha Noirmoutier, msewu wa makilomita anayi umene nyanja imaumiza kawiri pa tsiku. Ndi wodabwitsa kuuona, koma ndi woterera, umagawana ndi magalimoto, ndipo mu 1999 akatswiri a mpikisano wa njinga wa Tour de France anagwerapo mulu. Munthu amene manja ake akunjenjemerabe asayambire pamenepo.

Chinthu china chimene palibe amakuuza ndi njala. Kumidzi ya ku France masitolo ambiri amatseka masana nthawi ya nkhomaliro, Lamlungu masana kumakhala kotseka, ndipo ophika buledi ambiri amapuma Lolemba. Bata limene mukulifunalo limatanthauzanso kuti mutha kudutsa midzi itatu osapeza pogula kanthu. Gulani buledi ndi tchizi m'mawa. Madzi akatha, pitani kumanda: pafupifupi manda a mudzi uliwonse ali ndi mpope pafupi ndi geti wothirira maluwa, ndipo apanjinga amatungapo pokhapokha ngati palembedwa kuti eau non potable, kutanthauza madzi osayenera kumwa. Kwa ife amene tinaleredwa kuti kumanda sikulowedwa wamba, poyamba mtima umakana. Ine ndimavula chipewa, ndimatunga, n'kutseka geti bwinobwino.

Tsono njira yanu, achemwali

Popeza muli ku Portsmouth, kwerani chombo chopita ku doko la Ouistreham ku France. Mukatsika, njira ya njinga ya m'mphepete mwa ngalande imakufikitsani ku Caen, makilomita pafupifupi 15 osalala opanda galimoto, kudutsa mlatho wa Pegasus ku Bénouville umene asilikali a Britain analanda pa 6 Juni 1944. Tsiku loyamba likhale lomwelo basi. Kenako kwezani njinga m'sitima ya pamtunda ya m'chigawo, yotchedwa TER, yolowera ku Cherbourg, mutsikire ku Valognes, ndipo mulowe m'dera la Val de Saire pa timisewu toyera tija, kutsikira ku Saint-Vaast-la-Hougue ndi ku Barfleur pa nthawi ya chakudya. Malo ogona okhala ndi chizindikiro cha Accueil Vélo amakhala ndi posungira njinga. Pitani mu Meyi, Juni kapena Seputembala.

Kumbukirani kuti kumeneko amayenda kumanja, osati kumanzere monga kwathu ndi ku Britain, ndipo pamene munthu amaiwala ndi m'mawa ponyamuka msewu uli wopanda kanthu. Pa mphambano yopanda chikwangwani, wochokera kumanja kwanu ndiye amayamba kudutsa, ngakhale atatulukira m'kamsewu kakang'ono. Tengani kajekete kowala kachikasu, lamulo limakafuna kunja kwa tauni usiku kapena kukachita chifunga, komanso chubu chapadera ndi pampu. Ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku France, mufunika visa ya Schengen, ndipo amalola kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti munyamuke. Yambani imeneyo musanagule tikiti ya chombo.